Nyanja Yochoka ndi Kubweranso: Mbiri ya Mvula kwa Kawinga

Munthu wokwera sitima ya pamtunda kuchokera ku Nkaya, m'boma la Balaka, akawoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde nalambalala mapiri a Chikala, amafika pamalo pamene njanji imayenda pamwamba pa mtunda wautali wamchenga. Kudzanja lamanja kuli madambo a nyanja ya Chilwa, kumanzere kuli nyanja ya Chiuta, ndipo kutsogolo kuli Nayuchi, pamalire a Malaŵi ndi Mozambique. Njanjiyo inatsegulidwa m'chaka cha 1970, koma mchengawo ndi wakale zedi. Akatswiri a nthaka amati zaka zikwi zingapo zapitazo Chilwa ndi Chiuta zinali nyanja imodzi, ndipo madzi ake ankatuluka kudzera m'mitsinje ya Lugenda ndi Ruvuma mpaka kukathira m'nyanja yamchere ya India. Mphepo ndi mafunde zinaunjika mchenga pang'onopang'ono kufikira njirayo inatsekeka. Chiuta anatsala ndi khomo lotulukira ku nyanja ya Amaramba, pamene Chilwa anatsala wopanda khomo.

Nkhani ya lero yagona pa kusowa khomo kumeneku. Madzi amalowa m'Chilwa kudzera m'mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani ndi Mnembo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umawatulutsa. Njira yawo yotulukira ndi ya kumwamba yokha, pakuti dzuwa ndi mphepo zimamwa madzi akuya kuposa mita imodzi ndi theka chaka chilichonse. Tsono nyanjayi ndi yosaya, moti m'malo ambiri msodzi amayendetsa bwato lake ndi mponda wokha. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limatenga zambiri kuposa zimene mitsinje yabweretsa, ndipo nyanja imayamba kubwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake anthu a kwa Kawinga, kwa Mposa, kwa Mlomba ndi mafumu oyandikana nawo ali ndi muyeso wa mvula umene maboma ena alibe. Chilwa ali ngati beseni lalikulu loikidwa pabwalo, limene limasunga chiwerengero cha zaka zabwino ndi zoipa.

Mbiri yolembedwa ya nyanjayi inayamba pa 18 Epulo 1859, tsiku limene David Livingstone ndi John Kirk anafika pagombe pake. Anapeza madzi ambiri, okhala ndi mvuu ndi ng'ona, koma owawirako mkamwa chifukwa cha mchere. Patangopita zaka zitatu, mu 1862 ndi 1863, chilala choopsa chinagwa m'chigwa cha Shire ndi m'mapiri ake, pa nthawi imene dziko linali losokonezeka kale ndi nkhondo ndiponso malonda a akapolo. Amishoni amene anakhala pa Magomero analemba za midzi yopanda anthu ndi mitembo yoyandama m'Shire. Zaka zimenezi ndizonso zimene mafumu a Chiyao ankakhazikika m'dera lino, ndipo Kawinga anamanga malo ake olimba paphiri la Chikala, pamene anakhala kufikira asilikali a boma la atsamunda anamugonjetsa mu 1895. Phirilo linali linga labwino pankhondo, komanso linali ndi akasupe, ndipo pansi pake panali nyanja ya nsomba ndi mchere. Mfumu yanzeru m'masiku amenewo inkayang'ana madzi isanayang'ane china chilichonse.

Cha m'ma 1879 nyanja ija imene Livingstone anaiona yodzaza inali itatsika kwambiri. Inatsikanso cha m'ma 1900, ndipo pakati pa 1913 ndi 1915 inatsala pang'ono kutheratu. Chaka cha 1915 chiyenera kukumbukika ndi anthu a ku Machinga ndi ku Balaka pa chifukwa chinanso. Nyanja ya Malaŵi nayo inatsika kotero kuti mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa Shire, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri, kufikira cha m'ma 1935, mtsinje waukuluwo sunkatulutsa madzi a m'nyanja monga mwa masiku onse. Nyanja ya Malombe inasanduka dambo, anthu nalimamo. Sitima zapamadzi zimene zinkakwera mtsinjewo zinaleka ulendo wake. Mwana wa lero woima pa mlatho wa Liwonde, pa Kamuzu Barrage imene inamangidwa mu 1965, sangakhulupirire msanga kuti agogo a agogo ake ankawoloka pamenepo osanyowa m'chiuno.

Makolo sanali osadziwa za mlengalenga. Mphepo anazitcha mayina malinga ndi kumene zichokera ndi zimene zimabweretsa. Mwera ndi wa kumwera, wozizira ndi wamafunde, wa miyezi ya Juni ndi Julayi. Mpoto ndi wa kumpoto, wofunda, wotsogolera mvula. Chiperoni ndi nkhungu ndi mvula yowaza ya m'chisanu, ndipo dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kumene mitamboyo imaonekera ikamabwera. Ankadziwa kusiyanitsa chizimalupsa ndi mvula yobzalira. Mvula ikakana, akuluakulu ankasonkhana kuthira nsembe patsinde pa mtengo wa msolo, ndipo a kumunsi kwa Shire ankapita kwa Mbona ku Khulubvi. Chimene sakanatha kuona ndi maso ndi kutalika kwa ulendo umene mvulayo imayenda isanafike pamunda pawo.

Mvula ya kwa Kawinga imabadwira panyanja zamchere. Dzuwa likawomba panyanja ya India, madzi amakwera ngati nthunzi, ndipo mphepo zochokera kumwera chakum'mawa ndi kumpoto chakum'mawa zimanyamula nthunziyo kulowa nayo kumtunda. Mpweya wina wachinyezi umachokera kumadzulo, kunyanja ya Atlantic, kudzera pamwamba pa nkhalango za ku Congo. Pamene mphepo zimenezi zakumana, mpweya umasowa kolowera ndipo umakwera m'mwamba, nuzizira, nusanduka mitambo yakuda ya mabingu. Malo okumanirana mphepowa ali ngati lamba wozungulira dziko lonse, ndipo lambayo amatsata dzuwa. Amatsikira kumwera kufika ku Malaŵi mu Novembala ndi Disembala, nakhala mpaka Malichi, kenaka nabwerera kumpoto. Dzinja ndi nthawi imene lambayo ali pamwamba pa dziko lino, ndipo chilimwe ndi nthawi imene wachoka.

Mapiri nawo amagawa mvulayo mokondera. Mpweya wachinyezi ukagunda Zomba, Malosa, Chikala kapena Mulanje umakakamizika kukwera ndipo umakhuthula madzi ake pomwepo. Ukamatsikira m'chigwa cha Shire umakhala utauma ndi kufunda. Apa ndi pamene pagona tsoka la Balaka, boma limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998: lili m'chigwa, kuseri kwa mapiri, ndipo chaka chimene ena alandira mvula yokwanira, Utale ndi Phalula amalandira yoperewera. Si ulesi wa alimi a kumeneko, monga amanenera ena osadziwa, koma ndi kakhalidwe ka dziko.

Komabe zimenezi zikungofotokoza chaka wamba. Funso limene linavutitsa anthu kwa nthawi yaitali ndi lakuti, nanga n'chifukwa ninji lambayo chaka china amabwera wamphamvu, chaka china nabwera wofooka kapena kudukiza pakati pa dzinja? Yankho lake linapezeka kutali kwambiri, ndipo linatenga zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi kuti lilumikizike.

Asodzi a ku Peru, ku South America, ankadziwa kuyambira kale kuti zaka zina, cha pa Khirisimasi, madzi a m'nyanja ya Pacific kugombe kwawo amafunda ndipo nsomba zimathawa. Madzi ofundawo anawatcha El Niño, kutanthauza mwana wamwamuna, pokumbukira kubadwa kwa Yesu. Iwo ankayesa kuti ndi vuto la gombe lawo lokha. Kutsidya lina la dziko, ku India, mvula inakana mu 1877 ndiponso mu 1899, anthu mamiliyoni nafa ndi njala. Mu 1904 boma la kumeneko linaika katswiri wa masamu, Gilbert Walker, kukhala mkulu wa za nyengo, ndipo iye anasonkhanitsa miyeso ya mpweya ndi mvula ya m'maiko ambiri. M'zaka za m'ma 1920 anaonetsa kuti kulemera kwa mpweya kukakwera kumadzulo kwa Pacific, cha ku Darwin m'dziko la Australia, kumatsika kum'mawa, cha ku chilumba cha Tahiti, monga mbale ziwiri za sikelo. Anaonanso kuti kupendekeka kwa sikeloyo kumayendera limodzi ndi chilala m'maiko akutali. Chifukwa chake sanachipeze. Anali Jacob Bjerknes, mu 1969, amene anasonyeza kuti madzi ofunda a asodzi a ku Peru ndi sikelo ya Walker ndi chinthu chimodzi.

Kayendedwe kake ndi kotere. M'zaka wamba mphepo za pa Pacific zimakankhira madzi ofunda a pamwamba kumadzulo, ku Indonesia, ndipo mitambo ikuluikulu imaunjikana kumeneko. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, mphepozo zimafooka, madzi ofunda aja nabwerera kum'mawa, mitambo niwatsata. Popeza Pacific ndi nyanja yaikulu kuposa zonse, kusuntha kwa mitambo yake kumakankha kayendedwe ka mpweya kuzungulira dziko. Kumwera kwa Africa mpweya umayamba kutsika m'malo mokwera, ndipo mpweya wotsika subala mitambo. Mvula imene ikanagwa ku Ntaja imakagwera kum'mawa, ku Madagascar ndi panyanja. Kawirikawiri mvula yoyamba imabwera ndithu, anthu nabzala, koma mu Januwale kapena Febuluwale kumachita ng'amba ya masabata atatu kapena anayi, chimanga chili pafupi kumasula. Imeneyo ndiyo ng'amba yopha, chifukwa mbewu, feteleza ndi mphamvu zonse zimakhala zitalowa kale m'munda.

Tsono zaka za kutsika kwa Chilwa zikaikidwa pambali pa zaka za El Niño, zambiri zimagwirizana modabwitsa. El Niño wamkulu wa 1877 ndi 1878 anatsogolera kutsika kwa 1879. Wa 1899 anatsogolera kwa 1900. Wa 1965 ndi 1966 anayamba zaka zoperewera mvula zimene zinathera pa kuuma kwa nyanja yonse mu 1968. Kuuma kwa chaka chimenecho kunalembedwa bwino koposa konse, chifukwa aphunzitsi a Yunivesite ya Malaŵi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anali atayamba kufufuza nyanjayi mu 1966, ndipo anaiona ikufa ndi kuukanso. Madzi atachepa mchere unachuluka, makumba ndi matemba nayamba kufa, ndipo pomaliza panatsala thope long'aluka pamene anthu ankayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza. Mvula itabwerera m'dzinja lotsatira, mlamba ndiwo unayamba kuchuluka, kenaka matemba, ndipo makumba anachedwa. Pasanathe zaka zinayi asodzi anali atabwerera m'madzi. Phunziro la kafukufukuyo linali lakuti moyo wa nyanja umasungidwa m'maiwe amenewo, kotero kuti wothira mankhwala ophera nsomba m'dziwe la mtsinje pa chaka cha chilala amapha nsomba za zaka zisanu zakutsogolo.

Chilala cha 1991 ndi 1992 anthu ambiri amoyo lero akuchikumbuka. Zokolola za chimanga m'dziko lonse zinatsika kuposa theka, ndipo anthu anadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Mvula ya 1994 ndi 1995 nayo inaperewera, ndipo mu 1995 Chilwa anaumanso. Pa zaka zabwino nyanjayi inkatulutsa nsomba zopitirira matani 20,000, ndipo matemba ake ankafika m'misika ya ku Limbe, Lilongwe ndi kwina. Nyanja ikauma si msodzi yekha amene amagwa. Amagwa ndi mayi wowamba nsomba pa Namanja, wopala bwato, wogulitsa nkhuni, wa njinga yonyamula madengu ndi mwini sitolo wa pa Ntaja. Amuna amasamukira ku Chiuta, ku Malombe ndi ku Mangochi, kumene eni madoko sawalandira ndi manja awiri nthawi zonse. Ena amatembenukira ku misampha ya mbalame za m'madambo, ena ku makala a m'nkhalango za Chikala ndi Liwonde. Enanso amalima pansi pa nyanja pamene pauma, ndipo minda yoteroyo imabala milandu ya malire imene mafumu amavutika kuiweruza, pakuti mwini wake weniweni wa malowo ndi madzi, ndipo akale anati madzi saiwala khwawa.

Pofika nthawi imeneyo akatswiri anali atayamba kulosera. Mu 1994 Mark Cane ndi anzake anasonyeza kuti poyesa kufunda kwa madzi a Pacific, munthu angathe kudziwiratu miyezi ingapo pasadakhale ngati chimanga cha ku Zimbabwe chidzachite bwino kapena ayi. Mu 1997, pa Kadoma m'dziko lomwelo, akatswiri a za nyengo a maiko a kumwera kwa Africa anayamba msonkhano wa chaka ndi chaka wogwirizana za ulosi wa dzinja. Ulosi umene Nthambi ya za Nyengo imalengeza pa wailesi dzinja lisanayambe umachokera ku ntchito yoteroyo.

Koma pano pafunika kunena mosamala, chifukwa dzina la El Niño lazolowereka kotero kuti ena amaliyesa yankho la funso lililonse. Njala ya 1949, imene inasautsa Blantyre, Lunzu ndi madera ozungulira, sinagwe m'chaka cha El Niño. El Niño wa 1997 ndi 1998 anali mmodzi wa akuluakulu m'mbiri, anthu anachenjezedwa kwambiri, koma chilala chimene chinkaopedwacho sichinafike pa muyeso wake. Ndipo Chilwa anaphwa kwambiri mu 2012, zaka za El Niño zisanafike. Chifukwa china n'chakuti nyanja ya India, imene ili pafupi, ili ndi mawu akeake. Madzi a kumwera kwa Madagascar akafunda, mphepo zimabweretsa chinyezi chochuluka kumtunda, ndipo akazizira chinyezi chimachepa, kaya Pacific ikuchita zotani. Chifukwa chinanso n'chakuti Malaŵi ali pamalire a zigawo ziwiri. El Niño amaumitsa kumwera kwa Africa koma amanyowetsa kum'mawa kwake, ku Tanzania ndi Kenya, ndipo malire a zigawozo amadutsa m'dziko lino. Ulosi wa dzinja uli ngati mawu a mkulu wodziwa njira, amene anganene kuti njira iyi imakonda kukhala ndi mikango, koma sanganene tsiku limene mkango udzatulukire.

Nyanja ya India ili ndi mbali inanso yoopsa. Madzi ake akafunda kufika madigiri 26 kapena 27, nthunzi yokwera imatha kuyamba kuzungulira ndi kusanduka namondwe. Mu Disembala 1946 namondwe wotere analowa kumtunda nakhuthula mvula ya mainchi pafupifupi 28, ndiwo mamilimita oposa 700, pa Zomba m'tsiku limodzi ndi theka. Phiri linagumuka, milatho inakokoloka, anthu nati Napolo wadutsa. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zotsika m'phiri la Michesi zinapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Madzi onsewo, a 1946 ndi a 1991, anathera m'Chilwa. Chimene chili imfa kuphiri chimakhala kudzaza kwa nyanja kuchigwa, ndipo mbiri ya Chilwa ili ndi zaka zimene namondwe mmodzi anabweza madzi amene dzuwa linatenga pa zaka zitatu.

Zaka za kuyambira mu 2015 zaonetsa mbali zonse ziwiri mothithikana kuposa kale. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anawononga maboma khumi ndi asanu, Machinga ndi Balaka ali momwemo. Chaka chotsatira El Niño anabweretsa chilala, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Mu 2018 gawo lalikulu la Chilwa linauma, mabwato nagona pathope pa Kachulu. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe Idai inabweza madzi. Mu Januwale 2022 Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Kenaka kunabwera Freddy, amene anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, nawoloka nyanja yonse ya India, nakhala moyo masiku 36, nthawi imene namondwe wina aliyense wolembedwa sanafikepo. Atalowa kachiwiri ku Mozambique cha ku Quelimane, anaima pamwamba pa mapiri a kumwera kwa Malaŵi, ndipo akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000. Chilwa anadzaza mpaka kumiza minda, madoko ndi nyumba zimene zinamangidwa pamalo amene nyanja inasiya.

Akatswiri amagwirizana kuti nyanja zamchere zikufunda chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene maiko a mafakitale akhala akutulutsa, ndipo mbali ya kumadzulo ya nyanja ya India ili m'gulu la zofunda msanga. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka, kotero namondwe akabwera amakhuthula madzi ambiri, komanso umamwa madzi a m'nthaka ndi a m'nyanja mofulumira pa nthawi ya ng'amba. Pali ena amene amati Chilwa akuuma chifukwa cha kudula mitengo kokha. Mbiri ikukana zimenezo, pakuti nyanjayi inaphwa mu 1915 mapiri ali ndi nkhalango zowirira. Koma mbiri yomweyo siikhululukira nkhwangwa. Phiri lopanda mitengo limataya madzi ake tsiku limodzi m'malo mowatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo dothi lokokoloka limakwirira nyanja imene ndi yosaya kale, pamodzi ndi maiwe aja obisalamo nsomba.

Dzinja la 2023 ndi 2024 linasonkhanitsa zonsezi m'chaka chimodzi. El Niño analoseredwa miyezi ingapo pasadakhale, ndipo alangizi a zaulimi analimbikitsa mbewu zocha msanga, chinangwa, mbatata, mapira ndi nandolo. Ng'amba inabweradi mu Febuluwale, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Miyezi yomweyo mvula yochuluka ya kumpoto ndi ya ku Tanzania inakweza nyanja ya Malaŵi kufika pamene sinafikepo kwa zaka zambiri, madzi nalowa m'nyumba za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Pa Liwonde, Shire ankadutsa wodzaza pakati pa Machinga ndi Balaka, pamene chimanga cha m'minda ya tsidya lino ndi tsidya lija chinali chitapsa chisanabereke. Ndipo kwa Kawinga, alimi amene anakolola madengu owerengeka ankatsikira kudoko kukafuna ganyu kwa asodzi, pakuti Chilwa anali akusungabe madzi a Freddy a chaka chapitacho.